Dona Ali pa Jeke

Lolemba, 5 Meyi

Mdala andiyitana. Andiyitanira Dona! Mpaka pano sindikukhulupirira.

Zaka khumi ndi zinayi ndikukonza mabasi. Anthu makumi asanu ndi limodzi amakwera chinthu chimene mabuleki ake ndamanga ine, n'kumagona tulo m'menemo. Koma kagalimoto ka bambo anga ka mipando iwiri aka sindinakagwirepo ndi sipanala. Kutsuka kokha, ndipo apo ayima kumbuyo kwako kukuuza kuti nsanza ukuyiyendetsa molakwika. Dona, kagalimotoko, ndi wamkulu kwa ine ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Wobiriwira, wamfupi, denga la nsalu. Mayi amamutchula kuti mkazi mnzanga, ndipo saseka akamatero.

Ndinafika masana. Ndinapeza Dona ali m'mwamba pa zitsulo zogwiriziza, matayala akumbuyo atachotsedwa. Pansi pali malimu awiri otambalala aja amene akhala pamwamba pa kabati zaka khumi ndi chimodzi, atakulungidwa m'bulangeti la Mayi. Tsopano avekedwa matayala atsopano, galaja yonse fungo la labala.

"Loweruka ndikutsogolera ine," Mdala anatero. Amanena ulendo wa gulu lawo, nkhalamba za magalimoto akale zimene zimandandalikana kamodzi pachaka kukwera phiri n'kubwerera. "Dona apita atavala nsapato zatsopano."

Vuto ndi ili: limu latsopano likalowa pa habu, chitsulo chomangirapo tayala chija, m'mphepete mwake mwa m'kati mukugunda sipuling'i. Pakufunika masipesa, timbale tachitsulo tokhala pakati pa habu ndi limu kuti tayala lisunthire kunja. Kuyeza kwake n'kwa mamilimita, ndipo timanambala ta pa choyezera Mdala sakutionanso. Sananene choncho, ayi. Anati magalasi awo ayiwala pomwe awayika. Magalasiwo anali pamphuno.

Potuluka, Mayi anandikokera kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Iwe, galimoto imeneyo isatsike Loweruka lisanadutse. Wamva? Dokotala ananena ine ndili pomwepo kuti bambo ako diso lakumanzere linatha, lakumanja likuona ngati mu utsi. Geti limene anagunda mu Febuluwale silinkayenda, linali chiyimire. Makiyi ndinabisa, ali ndi ena. Ndabisa enawo, ali ndi enanso. Zatsala ndi iwe. Chedwetsa."

Ndavomera Mdala, ndavomeranso Mayi. Mapanga awiri avumbwitsa, ndikudziwa, asandiuze munthu.

Lachiwiri, 6 Meyi

Ndili pa tchuthi koma ndadzuka ngati ndikuthamangira basi yoyamba. Tiyi ndamwa choyimirira.

Tsiku lonse pansi pa Dona. Ndinene zoona pano poti palibe wowerenga: ndasangalala! Zonse m'galimoto iyi n'zazing'ono, n'zaukhondo, bawuti iliyonse imamasuka ngati inamangidwa dzulo. Mdala anakhala pa kampando kawo ka thabwa, mutu atapendeketsa. Ndikagwetsa sipanala pa simenti amayidziwa ndi kulira kwake. "Imeneyo ndi ya 17, iwe ukufuna ya 19." Ukayang'ana, n'zoonadi. Zimandikwiyitsa bwanji!

Ndayeza katatu. Kuti limu lisiyane ndi sipuling'i pakufunika mamilimita makumi awiri. Ndikapitirira pamenepo tayala lizikhula m'mphepete mwa madigadi galimoto ikadumpha pa bampu. Malo otsala ndi chala chimodzi basi. Mabawuti a pa habu nawo afunika ataliatali, chifukwa sipesa idya utali wonse wa akalewo.

Nditangotchula mabawuti, ulaliki unayamba. "Nati ya tayala uziyilowetsa ndi zala, uziwerenga. Ikagwira isanazungulire kasanu n'katatu ndiye kuti mazinga achepa. Imeneyo ndi..."

"Nati ya maliro," ndinawamalizira. Ulaliki umenewu ndinayamba kuumva ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.

"Ee, ndiye unkamva eti? Ine ndinkayesa unkangodya mafuta a injini."

Chakumadzulo ndinapita kwa a Milimita, mnzawo wa Mdala wosema zitsulo pa makina. Munthu wamfupi, pensulo kukhutu, malaya omanga mpaka pakhosi ngakhale kutenthe chotani. Ndinawapatsa pepala la miyeso n'kunena mopepuka kuti asathamange nazo, ngakhale sabata yamawa zili bwino. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Sabata yamawa? Za Dona? Mwanawe, ndakulakwira chiyani?"

Ndinati ndikuona ali ndi ntchito zambiri. Iwo akuti ntchito zambirizo zili ndi mipando, zikhale pansi.

Mayi pa foni: "Zili pati?" Ine: "Zichedwa." Mawu anga omwe sanandikhulupirire.

Lachitatu, 7 Meyi

A Milimita abweretsa! Okha, pa njinga, teni koloko isanakwane. Masipesa awiri onyezimira ndi mabawuti asanu n'atatu, zokulungidwa m'nyuzipepala. Anthu ena kugwira ntchito ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Ndinawathokoza mano ali okumana.

Ndiye ndakhalira kufunafuna pochedwera. Ndamasula mabuleki akumbuyo omwe alibe vuto. Ndatsuka zoyera kale. Ndapita kukagula girizi pomwe chitini chili chodzaza pa shelefu. Mdala anangoti, "Zengerezu adalinda kwawukwawu," akuyang'ana kudenga, ngati akulankhula ndi malata.

Tsopano chinthu chimene sindikufuna kulemba.

Masana ndinavula ovolosi n'kuyikoleka pa botolo lalitali la gasi wowotcherera limene limayima pafupi ndi khomo, ndinapita kukasamba m'manja. Pobwerera ndinali wopanda nsapato. Ndili pakhomo ndinamva Mdala akulankhula motsitsa, atayang'ana botolo lija.

"...ndinkadziwa kalekale kuti uli ndi dzanja. Kuposa ine, kunena zoona. Kungoti munthu sunena, umaopa kuti mwana angatupe mutu. Ndiye zaka zimangopita." Anadikira yankho. Kenako: "Wakwiya?"

Mayo ine! Mawu amene ndawadikira moyo wanga wonse, awamva ndi botolo la gasi. Ndikanayankha ndili pakhomo akanadziwa kuti amalankhula ndi chitsulo. Ndinabwerera chambuyo mpaka pa mpopi, ndinavala nsapato, n'kubwera ndikukhosomola ngati wachifuwa. Anatembenuka, kuyang'ana ine, kuyang'ana botolo, kuyang'ananso ine.

"Wachedwa," anatero, n'kuyamba kupukuta sipanala yopukuta kale.

Munthu ameneyu ndi amene akufuna kutsogolera magalimoto makumi awiri pa msewu wokhotakhota Loweruka. Ndikulephera kukhala pansi. Ndasesa m'nyumba kawiri.

Lachinayi, 8 Meyi

Ndanama.

Zochedwera zinatha, ndiye ndinakhoma mabawuti atsopano m'mahabu onse awiri. Analowa bwinobwino. Sipesa inakhala pa habu ndendende, osagwedera ngakhale pang'ono, a Milimita ndi a Milimita basi. Ndinakweza tayala lakumanzere, ndinagwira nati ndi zala, n'kumawerenga chamumtima. Inazungulira kakhumi ndi kamodzi isanagwire. Ntchito yabwino ngati imeneyi sindinayigwirepo. Ndinayang'ana m'mene tayalalo ladzazira pansi pa madigadi, mtima unachita kudumpha. Dona wakongola, abale!

"Kangati?" Mdala anafunsa ali pa kampando.

"Kasanu basi, Bambo."

"Kasanu?"

"Kasanu. Mabawutiwa afupika."

Ndinamva ntchentche ikuwomba pa zenera.

"Zaka makumi anayi munthu uja sanandiphonyerepo muyeso," anatero pang'onopang'ono.

Ndinati mwina ndinalemba molakwika ndine pa pepala. Ndinati ndiyitanitsa ena, afika Lolemba. Ndinachotsa tayala lija msangamsanga n'kuligubuduzira kukhoma, manati ndinawaponya m'chitini. Mdala anadzuka, anasisita Dona pa denga, n'kulowa m'nyumba atagwira khoma.

Mayi atamva anandikumbatira, akuti ndine mwana wobadwa bwino. Ndanamizira nkhalamba yosalakwa imene inapalasa njinga kudzandipatsa ntchito yake, ndanamiza bambo anga, ndipo ndanyoza ntchito ya manja anga. Kuntchito munthu atandinamiza za mazinga ndingamuthamangitse tsiku lomwelo.

Nanga Mdala akawayimbira foni a Milimita? Nanga a Milimita akabwera ndi choyezera chawo? Foni ikangolira ndikudzidzimuka.

Komabe Loweruka Mdala adzakhala ali moyo. Ndikubwereza zimenezi ngati nyimbo, sizikundithandiza.

Lachisanu, 9 Meyi, masana

Ndikulemba ndili pa benchi ya kuseri kwa galaja.

Sindinafune kupita lero, koma miyendo inanditenga yokha. Ndinapeza chitseko cha galaja chili pululu. Mdala ali pansi pa simenti, miyendo atatambasula, tayala lakumanzere lili pa habu. Alikweza okha! Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi, tayala lolemera chonchija. Chala chawo chachikulu chinali ndi magazi. Maso anali atatseka, zala zili pa nati.

"Kasanu n'kawiri. Kasanu n'katatu. Kasanu n'kanayi." Sanatembenuke, koma anadziwa kuti ndafika. "Kakhumi. Kakhumi ndi kamodzi." Nati inagwira. Anapukuta chala pa buluku. "Mabawuti amenewa akula usiku ngati bowa?"

Galu wamkota sakandira pachabe. Ndinangoyima ngati mwana wogwidwa ndi dzanja m'shuga.

"Ndayesa onse anayi," anatero. "Mmisiri akhoza kunama za tsiku, tonse tinanamapo. Mawa, mawa, mawa. Koma za mazinga sanama. Lero wanena kasanu pomwe pali kakhumi ndi kamodzi. Tsiku lina udzanena kakhumi ndi kamodzi pomwe pali kasanu, anthu adzafa. Anakutuma ndi amayi ako?"

"Sananditume munthu."

"Bodza lachiwiri."

Apo ndiye zinandikwera. Ine mtima wanga ndi wa pafupi, ndinatengera iwo omwewo.

"Simukuona, Bambo! Simukuona! Mukufuna mukagwere kuphompho ndi matayala anga? Mukufuna mukagunde mwana wa eni ake? Lachitatu munkalankhula ndi botolo la gasi!"

Mawu atatuluka ndinafuna kuwathamangira, koma mawu sabwezedwa. Nkhope yawo inagwa ine ndikuona. Anakhala nthawi yayitali akusisita tayala lija.

"Unamva?"

"Ndinamva."

"Zonse?"

"Zonse, Bambo."

"Ndiye sindibwerezanso." Anatambasula dzanja kuti ndiwadzutse, koma atayima anandisiya msanga. "Manga matayala, utsitse galimoto. Ndi yanga."

Lachisanu lomwelo, dzuwa likupendeka

Ndamanga. Manati asanu n'atatu, ndawerenga iliyonse mokweza kuti amve, palibe yochepera kakhumi. Ndalimbitsa mopingasa monga mwa lamulo, ndatsitsa jeke. Dona wayima pa matayala ake, kumbuyo kwatambalala, wakhala ngati akufuna kudumpha. Mdala anazungulira galimoto yonse ndi dzanja, analowetsa chala pakati pa tayala ndi madigadi mbali zonse ziwiri, sananene kuti zili bwino kapena zili moyipa.

Mayi anamva jeke ikutsika ali kukhitchini. Sakundilankhula. Ndinati, "Ndapita, Mayi," iwo anayankha mphika.

Ndikanatha kuzula kawaya kamodzi m'injini, Dona osadzuka mpaka Lolemba. Ndinatsegula boneti, dzanja linafika pomwepo. Ndinatsekanso. Zonama zandikwana, komanso Mdala angakapeze kawayako ndi mphuno.

Ndiye mawa nditani? Ndigone kutsogolo kwa galimoto? Ndiwayimbire anzawo a gulu, ndiwachititse manyazi pamaso pa amuna anzawo? Ndalemba uthenga kanayi, ndafufuta kanayi. Ndasita zovala zosita kale. Ndikuopa, ndipo sindikudziwa chochita.

Loweruka, 10 Meyi

Ndinafika sikisi koloko. Mayi anali atatenga mpando wa kukhitchini n'kukhala pakati penipeni pa geti, manja atapinda, chitenje atamanga m'chiuno ngati wopita kunkhondo. Sanandipatse moni, anangondilozera kugalaja ndi milomo.

Mdala anali atavala jekete lawo la chikopa ndi kapusi. Denga la Dona litapindidwa kale, injini itatenthetsedwa. Makiyi m'manja. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe zimene ndinakonza m'njira, iwo anakweza chala.

"Ndipatse choko. Chili m'kabati, kumanja."

Ndinawapatsa. Anagwada movutikira pa tayala lakumbuyo, analowetsa dzanja pansi pa madigadi, n'kupaka choko m'mphepete monse mwa m'kati, akutsata ndi zala. Anapita mbali inayo, chimodzimodzi. Njira yakale imeneyi: tayala likakhula madigadi, choko chimatsalira pa labala, umaona mzere woyera.

Anadzuka, anasasa m'manja, n'kulankhula mokweza kuti amve ndi a pa geti omwe.

"Galimoto ya matayala atsopano siyipita pagulu isanayesedwe. Ndipo kuyesa kumafuna anthu awiri, wina ayendetse, wina amvetsere kumbuyo. Choko chimanena pambuyo, khutu limanena pomwepo. Iwe makutu ako anatha ndi mabasi, sungamve kanthu. Womvetsera ndine."

Ananditambasulira makiyi. Dzanja linaloza pambali pang'ono, pomwe panalibe munthu. Ndinasuntha ine n'kulandira.

Anazungulira galimoto atagwira boneti, anatsegula chitseko cha mbali imene sanakhaleko chigulire Dona, anakhala pansi n'kuyika manja pa maondo chifukwa analibe pogwira. Mayi anatiyang'ana, anayang'ananso, kenako ananyamula mpando wawo n'kutsegula geti.

Ndinazimitsa injini kawiri tisanatuluke. Ine, wa mabasi!

"Ameneyu si basi, mwanawe. Kilatchi umamupempha, sumulamula."

Titalowa mumsewu Dona anayamba kundimvera. Chiwongolero chopepuka, mphepo kumaso, kumbuyo kwagwira pansi ngati kwamatidwa. Mdala anapendeketsa mutu chakumbuyo, maso atatseka. "Pa bampu ya pasukulu usachepetse kwambiri, tikufuna adumphe." Anayidziwa bampuyo tisanafike. "Tsopano khota mwamphamvu. Wonjezera moto. Wonjezera, ukuopa chiyani? Giya yachitatu!" Penapake ndinamva akuseka, kuseka kwenikweni kwa m'mimba. Ine misozi inkauluka chammbali, ndinati ndi mphepo.

Gulu lawo linali litasonkhana pa malo omwetsera mafuta a kumapeto kwa tauni, magalimoto akale ali ndandanda, malo akutsogolo atawasiyira. Anzawo atationa anayamba kukuwa ndi kuyimba mahutala. Wina anafuula, "Aaa, mkulu, lero mwakwezedwa?"

"Usayime," Mdala anandinong'oneza. Kenako anakweza kapusi m'mwamba n'kufuula ndi mawu awo onse: "Tikuyesa matayala! Ntchito ya mwana wanga iyi, yang'anani kumbuyoko! Tsogolani!"

Tinadutsa. Kapusi anayigwirabe m'mwamba mpaka mahutala anasiya kumveka, kenako anayitsitsa n'kuyiyika pa maondo. Tinazungulira njira yayitali ya kumafakitale, mabampu onse, makona onse, mpaka kunyumba.

Nditazimitsa injini ndinatenga tochi n'kugwada kumbuyo. Tayala lakumanja lakuda bwino, lopanda mzere. Lakumanzere chimodzimodzi. Choko chonse chili pa madigadi m'mene anachipakira. Mayi nawo anabwera, anawerama pambali panga, anaona zomwe ndinaona.

Mdala anali akadali pa mpando wawo, sanatsike.

"Lakumanzere likukhula," anatero. "Ndalimva pa bampu ya pasukulu. Pang'ono, koma likukhula. Kuyesa kamodzi sikukwanira zimenezi. Tiyesenso mawa, mwinanso sabata yonse."

Mayi ananditsina pamkono. Ndinayang'ananso tayala lija, lakuda bii, lopanda ndi kadontho komwe ka choko.

"Likukhuladi, Bambo," ndinatero. "Mawa ndibwere nthawi yanji?"